Chipewa cha Gulugufe

"Chotsa dzanja lako pa laputopu yanga, Fergus!"

Ameneyo ndi Bronte, akukuwa mpaka galu wa aneba kuyankha. Ine ndili pakati pawo pa sofa, sosejirolu ili m'manja, yozizira kale. Loweruka masana, tauni yathu ya Logan ikuwotcha monga imachitira mu Januwale, fani ikungozunguza mpweya wotentha womwewo.

Atatufe timapanga modi, kapulogalamu kowonjezera kosintha zinthu mu gemu. Pali gemu ina ya pa kompyuta ya mafumu akale a ku Ulaya, yoti umalanda mayiko, kukwatitsa ana, kupha achibale mwakachetechete. Eni gemu anaveka anthu zovala zosokonekera, msilikali wa m'ma 1100 atavala zitsulo za adzukulu a adzukulu ake, ndiye ife tinati tikonze. Bronte amaumba zovala pa kompyuta, ulusi ndi ulusi. Fergus amafufuza mbiri. Yunivesite anaisiyira panjira koma kuyankhula ngati lekichala sanasiye. Ine Tavita ndimalemba kodi, malangizo omwe kompyuta imatsatira, ndipo chilichonse cholowa mu modi chimadutsa m'manja mwanga. Lamulo lathu ndi limodzi basi, tinalilemba tokha pamwamba pa tsamba lathu la pa intaneti: chovala chilichonse chikhale cha nthawi yake, ndipo umboni ukhalepo. Anthu amatenga modi yathu chifukwa cha lamulo lomweli.

Apudeti yaikulu, mtundu watsopano wa modi yathu, imayenera kutuluka mawa lake. Tinali titalengeza kale.

Vuto linali chipewa. Bronte anachiyamba kukuzizira. Anapeza chithunzi m'buku lakale lolembedwa pamanja, mfumukazi ya m'ma 1100 pa tsiku la ukwati wake. Kumutu itavala chipewa chopendekera kumbuyo, pamwamba pake kansalu kopyapyala koimitsidwa ndi timawaya ngati mapiko a gulugufe. Bronte anachiumba chonse. Anapanga zoti mfumukazi ikatembenuza mutu, mapiko aja azinjenjemera pang'ono. Tsitsi linkaboola chipewa, anakonza. Makutu ankatulukira pansalu, anakonza, mutu ndi mutu, wonenepa ndi wowonda. Masana amagwira ntchito yopinda mathalauza ku shopu ya telala, ndiye chipewachi chinadya mawikendi ake onse. Sindinama, palibe chinthu chokongola chimene tinapangapo kuposa chimenecho. Chithunzi chake ndi chomwe tinalengezera apudeti, makomenti mbwee.

Ndiye lero Fergus wabwera ndi nkhani yoti buku lija linajambulidwa cha m'ma 1470. Akuti ojambula a nthawi imeneyo sankasamala. Ukawauza kuti jambulani mfumukazi yomwe inafa kalekale, ankangoiveka zomwe akazi olemera a m'tauni mwawo avala chaka chimenecho.

"Zili ngati ndijambule agogo a agogo ako kwanu ku chilumba cha Savai'i atavala jezi ya ragibe, Tavita," anatero. "Pakatha zaka mazana asanu wina nkumati eee, umboni uwu."

Ndinaseka pang'ono. Bronte anandiyang'ana, kuseka kunathera pakhosi.

Anatulutsa foni, kusakasaka m'gulupu yathu, nkumuonetsa Fergus pamphuno penipeni. Tsiku lomwe anatumiza chithunzi cha m'buku lija, pansi pake pali chala chachikulu cha Fergus choloza m'mwamba. Kwathu chala cha Fergus ndiye chidindo. Akaika chala, Bronte amayamba ntchito, sitifunsanso.

"Ichi nchala cha ndani, a Pulofesa?"

Fergus anati anali pa basi tsiku limenelo, anangoona kachithunzi kakang'ono, linki sanatsegule. Anavomera kuti analakwa. Anapepesa kawiri, nkhope itafiira mpaka m'makutu. Koma anati kulakwa kwake sikusintha chaka chomwe chipewacho chinabadwa. Mfumukazi ya m'ma 1100 inkavala nsalu wamba yophimba tsitsi, mwina kamkombero ka golide pamwamba, basi.

"Ndiye kuti duku," anatero Bronte. "Ndataya nyengo yonse, iwe ukuti ndimuveke duku."

"Duku lolondola."

Apa ndinalowererapo, poti kodi ndi yanga. Ndinati aise, mverani, gemu imawerenga zaka. Nditha kuchitsekera chipewacho kuti chizionekera pokhapokha wosewera akafika zaka zake. Aliyense asangalale, tidye, tizipita. Ndinayamba kale kutsegula fayilo.

Fergus sanandiyang'ane nkomwe. Anangofunsa kuti gemu imathera chaka chanji.

Ndinasiya kutayipa. Imathera m'ma 1450. Chipewa cha mapiko chija chinabwera gemu itatseka kale zitseko. Palibe chaka ngakhale chimodzi choti ndichiikepo.

Ndinayesa zina. Ndinati tichiike kumapeto kwenikweni, tibere zaka pang'ono, ndani angadziwe. Fergus anati amene amatenga modi yathu ndi anthu omwe amadziwa. Chaka chatha wina wa ku Poland anatilembera ndime zitalizitali chifukwa cha lamba. Lamba chabe. Ndinati chabwino, tichitulutse pachokha, kamodi kapambali, wofuna azitenga. Bronte anati kamodi kapambali ndi manda, ndipo ndikudziwa. Zoona ndikudziwa. Tili nato tiwiri, palibe amatitsegula. Ndinati nanga tikadula mapiko, titsale ndi chipewa chokha, mwina chingalowe m'zaka zomalizira. Bronte anandifunsa ngati ndinaonapo gulugufe wopanda mapiko.

"Ndi mbozi imeneyo, Tavita."

Panja mbalame zokonda kutola m'mabini a zinyalala zinkalimbirana pepala la tchipisi. Ndinkaziyang'ana chifukwa kwina koyang'ana kunalibe.

Kenako Bronte anatsitsa mawu, ndipo ndi pomwe ndinachita mantha. Anati chipewa chikatuluka, iye atuluka nacho. Ndi mikanjo yake yonse, nsapato, malamba, zisoti za asilikali. Mafayilo ndi ake, tinagwirizana choncho poyamba pomwe. Ine ndinawerengera m'mutu mwachangu. Theka la modi ndi manja a Bronte. Gemu ikasowa fayilo ya chovala siidandaula, imangomuimika munthu momwe anabadwira. Mafumu, mabishopu, onse mbulanda pa sikirini.

Fergus anati iye sakuopseza munthu, koma chipewa chikalowa, ndichotse dzina lake patsamba, ndichotsenso lamulo lija. Sangasaine bodza. Anayankhula motsitsa, akuyang'ana kapeti, ndipo ndimamudziwa, akatero ndiye kuti zatha.

Onse awiri anatembenukira kwa ine. Ine amene ndinalowa m'gululi chifukwa ndinkafuna kuphunzira kodi basi. Sindidziwa kusiyana kwa silika ndi nsalu ya katani. Bronte ndinaphunzira naye kuyambira pulayimale, amayi anga amamusungira mbale Lamlungu lililonse tikachoka ku tchalitchi. Fergus ndi amene anandiperekeza kuchipatala bondo litathyoka. Ndiye ndisankhe chani?

Ndinapempha kuti tisunthe tsiku la apudeti, tiganize bwino. Onse anakana, kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo kugwirizana. Bronte anati sabata yamawa chipewa chidzakhala chomwecho. Fergus anati chaka chake chidzakhalanso chomwecho.

Pa laputopu mfumukazi ija inali chiimire, ikutembenuza mutu uku ndi uku monga amachitira anthu a mu gemu ukawasiya, mapiko akunjenjemera.

"Ukuchilowetsa kapena ayi?" anafunsa Bronte.

Ndinati ndi chokongola kwambiri. Anati sanafunse zimenezo. Ndinati ndikanakonda chikanakhala cha chaka china. Anati sanafunsenso zimenezo. Ndinaganiza za anthu onse aja amene amatikhulupirira kuti tikati ichi nchoona ndiye kuti nchoona, ndinaganizanso za Bronte ali weramu pa makutu a anthu ongopeka dzuwa likuswa mtengo panja. Palibe mbali yomwe inapepuka.

"Sindingathe, Bron," ndinatero. "Lamulo tinalemba tonse."

Sanakuwenso. Anatseka laputopu, kuzula chaja kukhoma, kukulunga waya bwinobwino osafulumira. Fergus anayamba kunena kuti amuthandiza kupeza zithunzi zenizeni za nsalu za kumutu, zilipo zabwino pa ziboliboli za m'matchalitchi, koma mawu anamuthera m'njira.

Ine mutu unali utathamangira kale ku mawa. Mafumukazi onse a mu apudeti anali atalumikizidwa ku chipewa chimenecho, ndipo chikachoka atsala mipala. Ndinadziwa kuti si nthawi yake, koma pakamwa panatseguka pokha.

"Nanga kansalu kaja ka kumutu, sungatipangireko mwachangu usanapite? Kosavuta, koyera chabe."

Bronte anakoleka chikwama paphewa.

"Soka wekha."

Anatuluka, chitseko cha waya wotchinga udzudzu nkumenyetseka kumbuyo kwake.