Mbande Zomanidwa Madzi

Achemwali anga a Consolata ndimawadziwa ine, musandiuze. Kuyambira ali mtsikana anali munthu wosadziwa kudikira. Mbatata ankakumba zisanakhwime, mango ankadyera mchere akadali aawisi, ndipo akayamba kuluka mkeka lero, mawa mumawapeza agwira zina. Ndiye tsiku limene atsibweni athu a Simeon anabwera kudzanena za munda, ine mtima unangoti myuu.

Munda wake ndi uja wa m'mphepete mwa dambo kwathu ku Lisasadzi, umene anatisiyira malemu amayi. Alamu anga a Jeremiya anali atapita kumigodi ya ku Joni pa Wenela, zaka zikungopita osatumiza ngakhale moni. Atsibweni anakhala pampando, chipewa pabondo.

"Iwe Consolata, fodya si masewera a mkazi wokhala yekha. Chaka chino akakukanika, mundawu ndiupereka kwa a ku esiteti. Akhala akundifunsa."

"Ndamva, atsibweni," anayankha achemwali atagwada.

Anafesa nazale yawo pafupi ndi chitsime. M'mawa kuthirira, madzulo kuthirira, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ngakhale masiku amene amayi tonse tinkaitanidwa kokaphunzira nyimbo za chipani, iwo ankayamba athirira kaye, n'kufika kubwaloko chitenje chili chonyowa. Ine ndinkangoti tiona, nanga si ndimawadziwa. Koma mbande zinamera, zinakula, zobiriwira zochititsa kaso.

Komatu kuthirira si kovuta. Chovuta ndi kuleka. Mlimi aliyense wa fodya amadziwa kuti dzinja likayandikira mbande umazimana madzi, kuti zikhwime, zizolowere ludzu zisanapite kumunda. Amadziwa onse, koma opirira ndi angati? Ukaona masamba afota mtima umakupweteka, n'kumati ndingowaza pang'ono. Mawa pang'ononso. Mapeto ake mbande zonenepa koma zofewa ngati nkhwani, zoti dzuwa likangoziwomba basi zapita.

Achemwali anapachika kheni yawo yothirira pakhonde, pamalo poti akatuluka aione, akalowa aione. Ine ndinawamvera chisoni.

"Achemwali, bweretsani ndikaibise kwathu, ingakuyeseni."

"Ayi Lefina, isiye pomwepo. Ukaibisa ndiye kuti wapirira ndiwe, osati ine."

Ha! Ndinawayang'ana kawiri. Kodi ndi achemwali anga omwe aja awa?

Tsiku lina masana, kukutentha koti nkhuku zonse zili kukamwa yasa pansi pa nkhokwe, ndinawaona akutsitsa kheni ija. Ndinati basi, zagwa zatha. Ndinawatsatira chapatali. Anatunga madzi pachitsime, nakaima pamwamba pa mbande zija. Zinali zitagona zonse, masamba ali lende, zomvetsa chisoni zedi. Anaima, anaima, madzi akudontha pamapazi awo.

"Pepani ana anga," ndinawamva akutero.

Kenako anatukula kheni ija n'kudzikhuthulira okha pamutu, khuthu! Duku lonse nyowe. Ine kuseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe, osadziwa kuti ndikuseka kapena ndikulira. Iwo anangopukuta kumaso.

"Waludzu ndine, Lefina, osati izi. Tiye kunyumba."

Pasanapite nthawi kunagwa mvula. Inabwera ndi mphepo ndi mabingu, fungo la dothi n'kudzaza mudzi wonse. Anthu anapenga. Aliyense dengu pamutu kuthamangira kunazale, kuzula, kuwokera. Achemwali anapita kumunda, anakumba ndi chala pamzere, napeza kuti pansi m'pouma gwa. Anabwerera kunyumba miyendo ikuwakoka kuti athamange nawo, ndinkaona ndithu, koma anakhala pakhonde n'kuyamba kusenda mtedza.

Atsibweni anafika matope ali m'miyendo.

"Consolata! Anzako onse akuwokera, iwe wakhala pansi?"

Achemwali anagwada. "Pepani atsibweni, ndikuona ngati ndi chizimalupsa. Yangozimitsa fumbi, sinalowe pansi."

"Ukundiphunzitsa mvula iweyo? Chabwino. Usadzati sindinanene."

Kukana mawu a atsibweni si chinthu chapafupi, inu. Mudzi wonse unawanena achemwali. Ena amati ulesi, ena amati akudikira mwamuna wawo adzawaokerere kuchokera ku Joni. Ine ndemwe ndinakangana ndi amayi ena pachitsime mpaka ndowa yanga inaphwanyika chogwirira. Koma pobwerera ndekha m'njira ndinali ndi mantha. Nanga mvula ija ikapitiriza, anzathu fodya wawo n'kugwira, ife tili manja lende?

Sinapitirize. Kumwamba kunayera mbee, dzuwa linabwerera ngati latumidwa. Mbande za anthu zinapserera m'mizere, ndipo kunazale kwawo kunalibenso chotsala. Achemwali sanaseke munthu. Anaonda, maso analowa, koma m'mawa uliwonse ankapita kukaziona mbande zawo manja ali kumbuyo. Zinali zitasanduka zachikasu pang'ono, mapesi olimba oti ukapinda sathyoka.

Mvula yeniyeni itabwera, yogwa mofatsa tsiku lonse mpaka khasu kumalowa lokha, tinalowa m'munda ife awiri ndi ana athu. Iwo kutsogolo, ine pambuyo, msana osawongola. Mbande zija zinkaima njo pamzere ngati zinabadwira pomwepo. Ndikunena pano, sindinanyadirepo munthu ngati mmene ndinawanyadira achemwali anga tsiku limenelo.

Chakumasana ndinaona atsibweni akubwera ndi dengu lopanda kanthu. Ndinadziwa kuti akudzapempha mbande zotsala. Kumunda kwa mbumba yawo mwinimbumba ngati atsibweni sapempha njira, amangolowa, chifukwa nthaka yonse amaiyang'anira ndi iwo. Koma atafika m'malire anaima. Anayang'ana mizere ija kuchokera kumtunda mpaka kudambo. Kenako anavula chipewa, mvula ikuwagwa pamutu.

"Odi kuno, eni munda!"

Achemwali anaweramuka pang'onopang'ono, mbande ili m'manja.

"Odini, atsibweni. Lowani."