Tsiku Lomwe Tinathena Kapitawo

Amuna anga amafufuza avumbwe, amphaka a kutchire aja. Ndimafulumira kunena zimenezi chifukwa anthu akamva kuti ndinakwatiwa ndi wofufuza nyama za kutchire amaganiza za mikango, n'kundipatsa ulemu womwe pambuyo pake amaulanda. Mikango ili ndi magalimoto ake, maofesi ake, mpaka makalendala. Vumbwe ali ndi amuna anga, njinga yamoto imodzi, ndi makamera asanu ndi atatu omangirira pamitengo, awiri mwa iwo akufa.

Zaka zisanu ndi ziwiri ali pantchitoyi, vumbwe anali asanamuonepo ndi maso. Ankangoona mchira ukutuluka m'mphepete mwa chithunzi, ndi ndowe. Ndowezo ankazitolera m'timabotolo n'kuzisunga mufiriji yathu, shelefu ya pansi. Chaka choyamba ndinalongolola, kenako ndinangogula tepi yofiira n'kuika malire.

Ndalama za ntchitoyi zimachokera ku bungwe lina lakunja lomwe limathandiza amphaka ang'onoang'ono a kutchire okhaokha. Chaka chimenecho thandizo linali kutha, ndipo a bungwe anaika lamulo asanapereke lina. Ati chomwe chikutha avumbwe si alenje, ndi zibwenzi. Amphaka a pakhomo amalowa m'nkhalango yotetezedwa n'kuberekana ndi avumbwe, ana ake sakhalanso avumbwe enieni, ndipo mtundu ukuzimirira mwa njira yokoma imeneyo. Choncho amphaka onse a m'nyumba zoyandikana ndi waya wa nkhalangoyo, aamuna athenedwe, aakazi atsekedwe, eni ake atasaina fomu. Nyumba zonse, osasiyako ndi imodzi yomwe. Kupanda apo amuna anga abwerere kukaphunzitsa sayansi kusekondale, komwe ana ankawalira ngati mphaka akangotembenukira kubolodi.

Nyumbazo zinalipo makumi atatu ndi imodzi. Makumi atatu zinasaina, ena mpaka anabweretsa amphaka a eni. Yotsalayo inali ya amayi anga.

Amayi ali ndi mphaka wamwamuna dzina lake Kapitawo, chifukwa ntchito yake ndi kukhala pamalo okwera n'kumayang'ana ena akugwira ntchito. Ndi wa miyendo italiitali, makutu ofiirira kumbuyo, ndipo sanyengerera munthu. Anali wa malemu bambo, ndipo chimwalirireni iwo amagona pampando wawo. Kamera ina inamujambula kasanu ndi kamodzi ali m'kati mwa nkhalango, akuyenda ngati mwini malo. Amuna anga anasindikiza zithunzizo n'kupita nazo kwa apongozi awo atavala tayi. Ine ndinangowaperekeza.

"Mayi, taonani makutuwa. Ameneyu ndi wosakanizika kale, ndipo akupitiriza kusakaniza."

Amayi anayang'ana zithunzizo chimodzichimodzi.

"Watuluka bwino," anatero. "Ichi mundisiyire."

"Ndi kaopaleshoni kakang'ono, mayi. Mphindi khumi basi."

"Kakang'ono kwa ndani, bambo?"

Amuna anga anakonza tayi. Anafotokoza za mtundu, za mibadwo ya m'tsogolo, za zidzukulu zomwe sizidzaona vumbwe. Amayi sanawafunse kuti nanga iwo anamuona liti, ndipo mpaka lero ndimawathokoza.

"Pakhomo pano mwamuna watsala ndi yemweyu," anatero. "Imwani tiyi, angazizire."

Amuna anga anapitako katatu. Ulendo wachitatu Kapitawo anawakodzera chisoti cha njinga.

Kutatsala masiku atatu kuti mafomu atumizidwe, munthu uja anasiya kudya. Ankangotsegula firiji, kuyang'ana shelefu yake, n'kutseka. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinapsa mtima, chifukwa ndinkadziwa kuti mtolowu ukubwera pamutu panga.

"Mayi a mwana," anatero pomaliza, "pajatu ndi amayi anu."

"Lero ndi pomwe mwazindikira?"

Ndinawapeza amayi akusita makatani.

"Akutuma?"

"Ndabwera ndekha."

"Akutuma."

Ndinanena za ntchito ya amuna anga, za zaka zisanu ndi ziwiri zomwe zingopita m'madzi, za munthu wamkulu yemwe akuonda ndikumuona. Amayi anatembenuza katani n'kupitiriza kusita. Pamenepo ndinanena chomwe sindinakonze panjira.

"Bambo akanakhalapo akanasaina. Anandiuza okha kuchipatala kuti mphakayu wanyanya kuyendayenda, akufunika kuthena."

Bambo sananenepo zimenezo. Kuchipatala ankangofunsa ngati Kapitawo wadya.

Amayi anaimika simbi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mpaka ine ndinayamba kuyang'ana makatani.

"Bweretsa cholembera," anatero.

M'mawa mwake tinamunyamula Kapitawo m'basiketi ya zochapa, titamanga chivundikiro ndi lamba wa amuna anga. Kwa dokotala wa ziweto panafunika anthu atatu ndi bulangete. Dokotalayo anati zaka zonse zomwe wagwira ntchito sanakumanepo ndi mphaka wamwano chonchi, ndipo ananena zimenezi akudzimanga bandeji. Anatengako timagazi, monga anachitira ndi amphaka ena onse, toti akayeze kulabu. Kapitawo atabwerera kunyumba anakwera pampando mwapang'onopang'ono n'kutifulatira masiku awiri.

Thandizo linabwera. Zaka zitatu, njinga yatsopano, ndi firiji yawoyawo ya amuna anga. Pa firijiyo ndinavina.

Patapita miyezi inayi, amuna anga anafika masana dzuwa lili paliwombo, n'kukhala pasofa chisoti chili kumutu. M'manja anali ndi pepala la kulabu.

"Nyumba nambala 31," anatero.

"Yatani?"

Anandiwerengera. Amphaka a m'nyumba makumi atatu zija anali a pakhomo, monga mwa nkhope zawo. Ndowe zonse zomwe zinagona mufiriji yanga zaka zija zinali za avumbwe osakanizika, wina pang'ono, wina kwambiri. Vumbwe weniweni, wopanda ndi dontho lomwe la mphaka wa pakhomo, anapezeka mmodzi. A kulabu anayeza kawiri. Pansi pake anawonjezera mawu oyamikira, n'kupempha kuti wamwamuna ameneyu asamalidwe ngati dzira, poti ana ake ndi omwe angadzutse mtundu m'dera lonselo.

"Ndiye kuti kunkhalango kuja ankapita kwawo," ndinatero.

"Ankapita kuntchito," anatero amuna anga. "Ine ndinkalemba malipoti, iye ankagwira ntchito."

Sindinaseke. Ndinawavula chisoti n'kuwapatsa madzi.

Lamlungu tinapita kwa amayi. Ulendo uno tayi anaisiya.

"Mayi, kodi Kapitawo anachokera kuti?"

"Malemu apongozi anu anamutola mumpaipi wa pansi pa msewu, nthawi yomwe ankakonza msewu wa m'mbali mwa nkhalango uja. Maso anali asanatsegule. Anabwera naye m'thumba la jekete, tinkamumwetsa mkaka ndi kasipuni."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Munabwera ndi zithunzi, bambo. Simunabwere ndi funso."

Amuna anga anawafotokozera za pepala lija. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa ngati a kulabuwo amabwezeretsanso zomwe zachotsedwa. Anayankhidwa kuti ayi. Anagwedeza mutu n'kuyamba kutolera makapu.

Munthu uja anagwada patsogolo pa mpando wa bambo. Vumbwe wake woyamba anali pomwepo, atanenepa, mimba ili m'mwamba, poti chithenereni sanapondeko kunkhalango. Amuna anga anavula magalasi, kuwapukuta, kuvala, kuvulanso. Kapitawo anayasamula.

Ndinawatsatira amayi kukhitchini. Mtima unkandiluma kuyambira tsiku la makatani lija, ndipo tsopano unafika posapiririka.

"Amayi, zija ndinanena za bambo kuchipatala..."

"Ndikudziwa." Sanatembenuke, ankatsuka kapu. "Kuchipatala kuja ndinalipo ndine, kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Bambo ako sakanasaina ngakhale mutawagwira pakhosi."

"Nanga inu munasainiranji?"

"Ndinaona mwana wanga wafika ponamizira malemu bambo ake. Ndinati basi, kunyumba kwake zathina." Ananditambasulira kansalu. "Pukuta makapuwa."

Ndinapukuta. Kapu yoyambayo ndinaipukuta mpaka amayi anachita kundilanda.