Masamba a Rakele

Tsiku loika mkazi wanga Rakele, anyamata anayala masamba pamsewu monga timachitira, ena pachidikha kumunsi, ena pamwamba pa chitunda chathu. Aliyense amadziwa tanthauzo lake. Wanjinga amatsika, wachipewa amavula, galimoto imayenda mofatsa, ndipo bokosi likamadutsa imaima.

Tinali pakati pa msewu ndi bokosi, amayi a Mvano ali patsogolo, pamene minibasi ya Alexio wa ku Malomo inatulukira kumunsi. Sinachepetse liwiro. Inaponda masamba, hutala ikulira, wailesi ikusokosera. Onyamula bokosi anathawira nalo m'ngalande, mmodzi mpaka anagwada. Matope anathira bokosi ndi mabulauzi oyera a amayi. Ndinavula jekete n'kupukuta bokosi.

Alexio sanabwere kudzapepesa. Chaka chinatha. Ndikaimva minibasiyo ikubangula pachitunda, ndinkasiya khasu mpaka phokoso lithe.

Fodya atagulitsidwa, ndinamva kuti Alexio akuigulitsa chifukwa wapeza ina yatsopanoko ku Lilongwe. Ndinapita ku Malomo ndi alamu anga a Nowa, achimwene ake a Rakele, amene anayendetsapo lole ali mnyamata.

Alexio anatilandira ngati sakundidziwa.

"Madala, mwabwera pa nthawi yake. Injini iyi ndi khanda. Makilomita musawaope, ndi manambala chabe."

A Nowa anasuzumira manambalawo, n'kuseka.

"Khanda la imvi limeneli. Iyi inakalambira ku Japan, kuno inangobwera kudzafera."

"Alamu anuwa ndi a nsanje, madala. Galimoto yoyenda kwambiri ndi imene imadziwa njira."

A Nowa anagona pansi pa galimotoyo, anagwedeza matayala, ananunkhiza oyilo. Pobwerera tinayenda wapansi, tikukankha njinga.

"Alamu, ndinene zoona," anatero. "Ubwino ulipo. Mtundu umenewu sipeya wake ali paliponse, ngakhale pa Mponela mumupeza. Mabelo a fodya muzinyamula nokha. Wodwala simudzamukwezanso pangolo ngati mmene tinachitira ndi mlongo wanga. Koma utsi wake sindinaukonde, ndipo kilatchi ndikuikayikira. Galimoto yotopa ku mapiri kuno ili ngati mkazi wachiwiri, idzadya chimanga chanu chonse."

"Ndamva."

"Mwamva kuti mugula, kapena mwamva kuti musiya?"

"Ndamva."

Kuti ndiigule ndinayenera kugulitsa ng'ombe ziwiri zokoka ngolo. Tinazigula ndi Rakele zili ana, iye ndi amene ankazipatsa madeya m'manja. Mwana wanga Luckness atamva, anabwera kuchokera kubanja kwake ku Nachisaka, mwana kumbuyo.

"Bambo, ng'ombe za amayi zipite chifukwa cha chitsulo cha munthu ameneyu? Kuyendetsa simudziwa. Mukufuna muzitani nayo?"

Yankho langa lenileni linali loipa. Mabelo ndi odwala ndinkawaganizira ndithu, koma osati kwambiri. Ndinkafuna minibasiyo ikhale yanga, ndiichotse matayala, ndiikhazike pamiyala m'mbali mwa msewu pamalo pomwe inathira bokosi matope, nkhuku zanga zizigonamo. Alexio aziiona tsiku lililonse podutsa ndi yatsopano yakeyo, dzina lake likadali pachitseko.

Luckness analira. Ng'ombe ndinaziyang'ana nthawi yaitali madzulo amenewo. Ng'ombe zikapita, manyowa ndizisenza pamutu. Ndinadziwa zimenezo, koma mtima sunasinthe.

Ndinatumiza mawu kwa Alexio: ndigula, koma ndiyambe ndaiyesa itadzaza anthu, kuchokera ku Malomo mpaka pakhomo panga, Loweruka. Anavomera msanga. Sanafunse kuti Loweruka kuli chiyani. Linali tsiku loonetsa chiliza cha Rakele.

M'mawa mwake ndinatenga chikwanje n'kudula nthambi za mtondo. Sindinaziyale pachidikha. Ndinaziyala pakati pa chitunda, pomwe panadutsa bokosi. A Nowa anandipeza ndikuyala.

"Alamu, masamba popanda maliro ndi malodza."

"Maliro a Rakele sanathe."

Anandiyang'ana, kenako anatola nthambi ina n'kuyala nawo.

Ku Malomo, Alexio anali atatsuka galimoto, atavala kapu yatsopano. Ataona anthu oyesera galimoto, kumwetulira kunachepa. Anali amayi a Mvano omwe aja, atavala zoyera, motsogozedwa ndi Mayi Eveline, mnzake wa Rakele wa pa ubwana.

"Madala, mwatenga mpingo wonse?"

"Munati imanyamula."

"Mwana wanga, tsegula chitseko," anatero Mayi Eveline. "Ife galimoto yakoyi timangoidziwa kunja. Lero tione m'kati."

Anadzaza mpaka kumbuyo. Ine ndi a Nowa tinakhala kutsogolo. Alexio anafuna kutsegula wailesi, ndinagwira dzanja lake. Amayi anayamba nyimbo ya maliro, motsitsa mawu.

Pamalo osalala galimotoyo inayenda bwino, sindinganame. Mipando inali yofewa, ndipo mtunda umene ngolo imathera m'mawa wonse tinaudula nyimbo zisanathe zitatu. Ndinaganiza za Rakele pangolo, mutu uli pamiyendo panga, dzuwa likumuwomba. Pamenepo ndinaifuna galimotoyo moona, kwa kanthawi.

Tikuyandikira chitunda chathu, Alexio anaponda mafuta, injini n'kuyamba kubangula. Titakhota, anaona masamba. Kuseri kwa masambawo anthu a m'mudzi anali ataima mzere kudutsa msewu wonse, kudikira amayi kuti tipitire limodzi kumanda. Luckness anali pakati pawo.

"Madala, kwagwanji?"

"Imani."

"Pano ayi. Ndikaima pamwamba. Auzeni apatuke!"

"Imani."

Analiza hutala. Palibe anasuntha. Anaponda mabuleki, galimoto inanjenjemera n'kuzima mphuno ili pamasamba. Kenako inayamba kubwerera cham'mbuyo pang'onopang'ono. Nyimbo inaduka. A Nowa, ndi ukalamba wawo, analumpha n'kutsekera tayala ndi mwala, anyamata anawonjezera ina.

Amayi anatsika mmodzimmodzi, akukonza maduku awo. Alexio analiza injini, anayesa kunyamuka. Galimoto inangolira pamalo amodzi, fungo la chinthu chopserera n'kudzaza msewu. Anayesanso. Utsi unatuluka pansi.

"Kilatchi ija," anatero a Nowa. "Khanda lapsa."

Alexio anatsika thukuta lili kamukamu, n'kundikokera pambali.

"Madala, mwandipha. Galimoto iyi ikaima pachitunda itadzaza sinyamukanso, kuyambira kalekale. N'chifukwa chake pano sindikweza munthu. Tsiku lija ndikanaima, ndikanabwerera kumtsinje ndi anthu onse. Sichinali chipongwe."

Ndiye ankandidziwa. Ankalikumbuka tsikulo.

"Masamba oyamba anali pachidikha," ndinatero. "Mukanaima pamenepo."

Ndinaloza nyumba yanga n'kupitiriza.

"Mawa lake kunacha. Mkuja kunachanso. Pakhomo panga pali pompo."

"Ndinalakwa, madala. Tiyeni tikambirane ngati amuna. Ndikutsitsirani mtengo, kilatchi ndikonza ndekha. Koma izi zithere pompano, anthu asamve."

Mayi Eveline anali pafupi, akupukuta magalasi awo.

"Anthu ake ati, mwana wanga? Ife? Mawa ndi Lamulungu. Tikaimirira kuthokoza Mulungu kuti tapulumuka m'galimoto yobwerera m'mbuyo, tibise kuti ndi ya ndani?"

Amayi anaseka, ena mpaka kugwirana mapewa.

"Ndiye mugula, madala?"

Ndinaiyang'ana minibasiyo itatsamira miyala, dzina lake lili pachitseko. Inali pamalo pomwe ndinkafuna, ndipo ng'ombe zinali m'khola.

"Ayi."

"Ndibwerekeni ng'ombe zanu, zingoikokera pamwamba."

"Ng'ombe za Rakele lero zili pa mwambo."

Anapempha anyamata kuti akankhe. Anamuyankha kuti manja awo ndi otanganidwa mpaka chiliza chionetsedwe, ndipo pambuyo pake aona mmene mtima wa bambo a Luckness ulili. Amayi anafola n'kuyambanso nyimbo pomwe inadukira. Tinadutsa msewu kulowa njira ya kumanda. Nditacheuka, Alexio anali kumapeto kwa mzere, kapu ili m'manja.

Anaima nafe mpaka abusa anamaliza pemphero. Nsalu itachotsedwa pachiliza, anagwada n'kupepesa mokweza, anthu onse akumva. Luckness anandigwira mkono kuti ndinene kanthu. Ndinangogwedeza mutu. Anyamata sindinawauze kuti akankhe, sindinawaletsenso. Iwo anapita kukadya.

Minibasiyo inagona pachitunda mpaka thalakitala ya munthu wina inabwera kudzaikoka, mbuzi zitadya kale masamba onse pansi pake. Nkhani inafika ku Malomo galimoto isanafike. Wogula sanapezeke, ndipo yatsopano ija ya ku Lilongwe inatengedwa ndi wina. Alexio tsopano amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Akafika pachitunda chathu amayenda mofatsa, ngakhale pamsewu palibe tsamba.

Mwezi watha ndinapita kuchigayo ku Malomo pangolo. Kuseri kwa chigayo ndinaiona minibasi ija ili pamiyala, matayala atagulitsidwa, nkhuku ikufungatira mazira pampando wa dalaivala. Ndinaimitsa ng'ombe, ndinazipatsa madeya m'manja, ndipo tinakhalapo kanthawi tikuiyang'ana.