Maola Awiri a Malume Evaristo

Mayi anga a Carolina anagwa Lachiwiri m'mawa tikukumba mbatatesi ku Ntengo-Wambalame. Kamwa linapotokera kumanzere, dzanja lamanja linangoti lende. Ndinafuna kuthamangira galimoto, koma azakhali anandigwira nsalu.

"Lestina, wodwala satuluka pakhomo mwini mbumba asanamuone."

Mwini mbumbayo ndi malume Evaristo, mlongo wawo wa mayi, munthu wovala jekete ngakhale popita kukhola. Anali ku Chidzolomondo kumanga fodya. Pafoni anati tisayerekeze kuwasuntha mayi, akubwera. Anabweradi, Lachitatu masana, atameta ndevu bwinobwino, nsapato zili nyezinyezi.

Pachipatala china cholipira ku Tete, dotolo wamkazi atawajambula mayi mutu anafotokoza mwachifatse. Anati ndi trombose, magazi agwirana mu mtsempha wa m'mutu. Pali jekeseni wosungunula magaziwo, koma amabaya pokhapokha pasanadutse maola anayi ndi theka. Nthawi ikadutsa, mankhwalawo atha kuphulitsa mtsempha.

"Ndiye zayamba liti?" anafunsa.

Ndinaona malume akukonza kolala. Kunena kuti mlongo wawo anagona tsiku lathunthu pamphasa kudikira ndevu zawo, ayi, zimenezo sizikanatheka pamaso pa mkazi wophunzira.

"Duas horas, doutora," anatero, kutanthauza maola awiri, Chipwitikizi chikutuluka ngati cha pawailesi. "Wagwa tili m'njira, cha pa Moatize."

Dotolo anatembenukira kwa ine. Chipwitikizi ndimachimva, kusukulu ndinafika décima classe, kalasi ya khumi. Ndinamva bodza lonse. Koma kwathu mwana wamkazi satsutsa malume pagulu, choncho ndinaweramitsa mutu ngati nkhosa. Mayi anabayidwa.

Lisanathe ola, mayi anagwira mutu ndi dzanja lija linatsala, anasanza, kenaka anasiya kutsegula maso. Atawajambula mutu kachiwiri, dotolo anatiitana. Magazi anali atatayikira mu ubongo.

Malume ndiye anayamba kukalipa. Ati madotolo a masiku ano ndi ana, sadziwa ntchito, iwo akaonana ndi akuluakulu. Ankamenya tebulo chala chili m'mwamba. Ndinanyansidwa nawo.

Mayi anamwalira, tinaika maliro Loweruka. Kumanda malume anaimirira, jekete yomwe ija, n'kuuza anthu kuti banja linachita changu, kungoti Mulungu anakonda. Anthu anavomera kuti eeh. Azakhali anawayamika kuti mbumba ili ndi mutu.

Atatha, malume anabwera pomwe ndinakhala, n'kundisisita paphewa.

"Iwe ndiwe mwana waulemu," anandinong'oneza. "Mlongo wanga anakulera bwino."

Ndinachotsa dzanja lawolo. Malume ndimawanyoza, ndipo ndidzawanyoza mpaka kufa. Koma dotolo uja atafuna choonadi, sanayang'ane jekete. Anayang'ana ine.