Bokosi Lomwe Analimana Madzi

Kamaso anali ndi zaka zitatu ndi miyezi inayi, koma anali asanatchulepo liwu ngakhale limodzi. Dzina la pakhadi ya kusikelo anali nalo, koma aliyense ankangoti Kamaso, poti zonse ankanena ndi maso. Mayi ake, mtsikana wa mtima wosakhazikika, ankangokhalira kumuyang'ana. Mwana akatsokomola, dzanja pachipumi. Akakhala chete nthawi yaitali, khutu pachifuwa.

Tsiku lina ali pamzere kuchipatala cha ana, Kamaso anaima kutsogolo kwa thanki yagalasi yokhala ndi nsomba. Anatsamira chipumi pagalasipo, milomo ikutseguka ndi kutsekeka ngati ya nsombazo, kenako pakhosi pake panatuluka kaphokoso, kakang'ono ngati chitseko cholira kunyumba yakutali. Mayi ake anakamva. Sanauze munthu, kuopa kuti akanena sikadzabweranso.

Atafika kunyumba anasolola bokosi pansi pa bedi. Linali la matabwa okhuthala, lomwe munabwera makina osokera, ndipo Kamaso, yemwe anabadwa masiku asanakwane, anagonamo milungu yake yoyamba atakutidwa ndi matawulo. Analisenza kupita nalo kwa mlamu wake, mkulu wa mwamuna wake, kalipentala wa kuseri kwa msika, kuti akalisandutse thanki ya nsomba. Mwamuna wakeyo anali paulendo ndi lole, monga mwa masiku onse.

"Nsomba zake zandiwo kapena zoonera, alamu?" anafunsa kalipentala, pensulo ili kukhutu.

"Zoonera."

"Ndiye munakwatiwa kolakwika. Ife nsomba timaonera m'mbale."

Anaseka yekha, koma ntchito anaigwira mwaulemu. Anachotsa mbali imodzi, n'kugoba kangalande, n'kulowetsamo galasi lokhuthala la pakauntala yakale, n'kumata m'mphepete ndi silikoni. Makona anawamanganso zolimba. Penti anakana kupaka mkati, akuti imapha nsomba.

"Mukathira madzi lidzadontha," anatero. "Lisiyeni. Thabwa limayamba lamwa, likakhuta limafufuma, mipata n'kutsekeka yokha. Masiku atatu basi."

Amake Kamaso anagwedeza mutu. Pobwerera anagula tinsomba tiwiri tofiirira, n'kutiika kaye m'ndowa.

Bokosi analiika patebulo la pawindo n'kulidzaza. Patapita kanthawi, pakona panatuluka dontho. Linanenepa, n'kugwa. M'mutu mwa mayiyo galasi linali litasweka kale, madzi akuthamangira kusoketi ya magetsi, timapazi ta Kamaso tikuponda zidutswa. Anatenga kapu n'kukapa madzi onse, anapukuta bokosi ndi nsanza, n'kuliyanika padzuwa. M'mawa mwake anayesanso. Dontho, kapu, nsanza, dzuwa. Anatero kasanu.

M'ndowa muja kansomba kamodzi kanasiya kudya, kakungoyandama chammbali. Kamaso akasuzumira ankangoona chithunzi cha mutu wake, ndiye anasiya kusuzumira. Kaphokoso kaja sikanamvekenso.

Loweruka masana kalipentala anatulukira kudzaona ntchito yake. Anagogoda thabwa ndi chala.

"Louma gwa! Alamu, mwalitani bokosi langa?"

"Limadontha, alamu."

"Si ndinati lidonthe?"

"Nanga likaphulika mwana ali pafupi?"

"Galasi ilo mutha kukhalapo inu ndi apongozi anu omwe, silingasweke. Inu ndi amene mukulimana madzi. Likangoti limwe, mwalilanda kapu pakamwa."

Anaika beseni pansi pa tebulo, n'kudzaza bokosi mpaka m'milomo.

"Manja awo muwakhalire," anatero potuluka. "Ndikapeza nsanza yonyowa m'nyumba muno, ndikutengerani kubwalo."

Choncho mayiyo anakhala. Tho. Tho. Tho. Phokoso la m'beseni linadzaza chipinda, ndipo dontho lililonse linkamugwera pamtima. Masana a tsiku lachiwiri, dzuwa litadutsa m'madzi n'kumavina kudenga, anawodzera pampando. Analota chipinda chonse chitadzaza madzi ofunda. Masupuni ankasambira m'magulu, katani ikugwedezeka ngati udzu wa pansi pa dziwe, makina osokera akusoka mafunde. Kamaso anadutsa pamwamba pake akupalasa ndi timanja, m'kamwa mukutuluka thovu, ndipo m'kathovu kalikonse munali liwu. Mayiyo anatambasula dzanja kuti agwire kamodzi, kanaphulika. Anabweza dzanja. Totsalato tinakwera bwinobwino mpaka kudenga, n'kumalira ngati timabelu.

Atadzidzimuka anapeza madontho atayamba kutalikirana. Anawerenga mpaka khumi pakati pa awiri. Madzulo anafika makumi anayi.

Tsiku lachitatu beseni linali zii. Matabwa anali atada, akununkhira ngati mvula yoyamba. Anasintha madzi n'kuthira omwe anagonetsa m'chidebe kuti fungo la mankhwala a kumpopi lichoke, monga anamuuzira wogulitsa nsomba uja. Pansi anayala timiyala totsuka. Kenako anatsanulira tinsomba tija pang'onopang'ono. Kathanzi kanazungulira nthawi yomweyo. Kofooka kanamira mpaka pansi, kanakhala pamwala ngati kakuganiza, kenako kanagwedeza mchira n'kutsatira kanzake.

Koma mtima wa mayi sunakhale pansi. Anagwada kutsogolo kwa galasi, nkhope pafupi, chala chikuyenda m'makona kufunafuna chinyezi. Kona ya kumanzere, ya kumanja, ya kumanzerenso. Kumbuyo kwake china chinakoka diresi. Sanacheuke. Chinakokanso.

"Choka."

Mawuwo anali osasa, ngati a munthu wodzuka kumene. Chala chinaima pakona.

"Choka. Somba."

Anasuntha ndi mawondo omwewo. Kamaso anapita pagalasi n'kutsamirapo chipumi, kuwala kwa madzi kukuyenda pamasaya pake.

Manja a mayiyo ananyamuka okha, kufuna kumunyamula, kumufinya, kumuuza kuti anenenso. Anawayang'ana. Kenako anabwerera chambuyo mpaka pabedi, n'kuwakhalira.