Timapulasitala pa Mimba

Atamutulutsa mwamuna wake m'chipinda cha opaleshoni, Nasingano sanathamangire kuona nkhope. Namwino atangotembenuka kukapachika botolo la diripi, iye anakweza nsalu n'kuyang'ana pamimba.

Chipsera chakale chinali pomwepo, chija chotsika kuchokera pachifuwa n'kukhotera kunthiti, cha ulendo woyamba pamene anamuchotsa chotupa cha khansa m'chiwindi. Madokotala sanachikhudze n'komwe. Pambali pake panali timapulasitala tinayi basi, tochepa kuposa thumba la shati.

Nasingano anali telala, dzinalo anamupatsa ndi anzake a pamsika, ndipo pa nkhani ya kusoka sankanamizika. Ukafuna kuchotsa chinthu cha m'kati, umaphwasula msoko wonse.

Apongozi ake anasuzumira nawo, n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine! Atsegula n'kutseka."

"Amayi, musayambe."

"Ndisayambe chiyani? Bambo ake anawatero. Tisanamalize n'kupemphera komwe, awatulutsa kale, ati zafalikira. Mwezi sunathe."

"Tsitsani mawu, akumvani."

"Amva chiyani, munthu ali ngati chipika?"

Tsiku limene adokotala ankafotokoza za opaleshoniyi, Nasingano anali panja, mwana atavuta ndi kulira. Mwamuna wake anangotuluka n'kunena kuti, "Akuti ulendo uno sizivuta." Koma mawu a dalaivala wa minibasi ungawadalire? Munthu amene amati "tafika" ulendo usanafike n'pakati pomwe.

Mwana anatakataka kumsana. Anali atangophunzira kumene kunena "ababa", ndipo ankaitana choncho aliyense wovala buluku.

Apongozi anatulutsa foni. "Ndiwaimbire amalume ake, ayambe kuuza abale."

Nasingano anaitsomphola. "Munthu akupuma uyu! Mukufuna kumuika ali moyo?"

Anatuluka nayo foniyo m'manja, osadziwa n'komwe kuti waitenga. M'khonde munkanunkha mankhwala okolopera. Chapatali anaona adokotala aja, mayi wamfupi, akuvula kachipewa kobiriwira. Anawatsekera njira.

"Adokotala, mundiuze zoona. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma maso ndili nawo. Mwachisiya momwemo?"

"Tasiya chiyani, mayi?"

"Chotupa. Amuna anga simunawang'ambe."

Adokotala anamukhazika pa benchi.

"Bambo aja sanakuuzeni? Chotupa cha ulendo uno chinali chaching'ono, cha m'mphepete mwa chiwindi. Tinaboola timabowo. Pena tinalowetsa kakamera, penapo zipangizo zazitali, ife tikuonera pa sikirini. Tinachidula, tinachiika m'kathumba mkati momwemo, n'kuchikokera kunja pa bowo la pansi pa mchombo. Bala likachepa, munthu amadzuka msanga."

"Chili kuti?"

"Mayi?"

"Ngati chatuluka, ndichione."

Adokotala anaitana namwino amene ankapita nalo botolo kokayeza. M'madzi oyera munali kachidutswa kanyama kakuda, kosaposa dzira. Nasingano anakayang'anitsitsa. Ndiye kameneka ndi kamene kankamusowetsa tulo? Anakumbukira kolala ya shati, mmene amaisokera chakunsi n'kuitembenuza yonse kudzera pa kampata kongolowa chala. Tsiku lililonse ankachita zimenezo, koma pa mimba ya munthu sanaziganizirepo.

"Ndiye sichibweranso?"

Adokotala anauza namwino kuti apite nalo botolo.

"Zimenezo sindingalonjeze. Chinabwererapo kale. Tiziwaunika pafupipafupi, kuti chikaonekanso tichipeze chikadali chaching'ono."

Atabwerera m'wodi anapeza apongozi atafunda chitenje kumutu, akulira chamumtima. Anawaikira foni pamiyendo.

"Achotsa. Ndachiona ndi maso angawa."

"Pa timabowo timeneti?"

"Pomwepo. Amalume aja auzeni agone."

Mwamuna wake anaphethira, milomo itauma gwa. Anayesa kukweza mutu kuti adzione pamimba, koma unakana.

"Mayi a mwana," anatero ndi mawu osasa, "andisoka bwino?"

"Akanakhala ophunzira anga ndikanawabweza. Inunso, kundiuza zonse munalephera?"

"Ndimaopa ungadandaule."

"Chetechete wanu akanandipha ine."

Mwana anasuzumira paphewa. "Ababa!"

Apongozi anaseka misozi ili m'masaya, dalaivala nayenso anayesa kuseka koma ululu unamudula. Nasingano sanaseke. Pomufunditsa, dzanja linaima nsalu ili m'mwamba. Maso ake ankayeza khungu lotsala pakati pa chipsera chakale ndi timapulasitalato, monga ankayezera nsalu yotsala pa tebulo, kuona ngati ingakwanirenso ulendo wina.