Mipeni M'dengu la Zochapa

Chaka chimenecho phunziro la zapakhomo linasamukira mu kompyuta. Mwana aliyense wa m'kalasi ya Mayi Nubia anapatsidwa nyumba yake ya pa sikirini: khitchini, ana awiri ongojambula, ndi mwamuna kapena mkazi amene kompyutayo inkamuyendetsa yokha. Ntchito inali kuphika, kusambitsa ana ndi kukambirana za m'banja. Lachisanu lililonse Mayi Nubia ankayendera nyumbazo imodziimodzi kuti apereke malikisi.

Zambiri zinali zoseketsa. Wina anaiwala khanda m'bafa masiku atatu. Koma imene inawasowetsa mtendere Mayi Nubia inali nyumba yoyera mbee ya Dayana Mosquera, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu.

Bambo wa m'nyumbamo ankaweruka faifi koloko. Nthawi ikayandikira, Dayana ankachotsa mipeni yonse m'kabati n'kuikwirira m'dengu la zochapa. Ana ankawatsekera kuchipinda, wailesi ikulira mokweza. Kenako mayi wa m'nyumbamo, amene Dayana ankamuyendetsa, ankakaima pafupi ndi khomo lakuseri. Tsiku ndi tsiku. Chonsecho bambo wa mu kompyutayo ngakhale kukalipa sankakudziwa. Akalowa ankangofunsa ngati nyemba zapsa.

"Dayana, tatsala kaye," anatero Mayi Nubia anzake akutuluka. "Mipeni ija ukumaiikiranji mu zochapa?"

"Kuopa ana, Madamu. Si paja munati izikhala patali?"

"Faifi koloko yokha?"

Mtsikanayo anaseka, maso ali pa nsapato. "Aaa Madamu, ndi masewera chabe."

Mayi Nubia anayamba kukayikira bambo ake a mwanayo, koma mu ofesi ya sukulu anawauza kuti anamwalira kalekale. Ndiye ndani? Chibwenzi cha mayi ake? Loweruka anapita kumsika wa m'mbali mwa mtsinje wa Cauca, kumene Mayi Ofelia, mayi a Dayana, ankakazinga nthochi. Anagula ziwiri, akuyang'anitsitsa mikono yawo. Panali zipsera, koma wokazinga ndani alibe zipsera?

"Kunyumba mumakhala angati, amayi?"

"Bwanji Aphunzitsi, mwayamba kalembera?"

"Ndaona zimene mwana wanu amachita ndi mipeni."

Supuni inaima m'mafuta. Mayi Ofelia anasuzumira kwa mnzawo wogulitsa mapeyala, n'kutsitsa mawu.

"Wakuuzani?"

"Sananene kanthu. Amangobisa."

"Ndi Wílmer, mwana wanga woyamba. Chibwerereni kunkhondo ya kumapiri, mutu suli bwino. Akaweruka kuganyu amafika akuti akumutsatira anthu. Amasaka mpeni, n'kukhala pakhomo kudikira adani. Sanamenyepo munthu, ndikulumbira."

"Ngakhale kamodzi?"

Mayi Ofelia anatembenuza nthochi imene inali itapsa kale. "Chonde, apolisi ayi. Akamutenga sabwerako."

Mayi Nubia sanakhutire ndi yankholo, koma sanakakamize. Anati iwo ali ndi msuweni amene ndi namwino kuchipatala cha m'tauni, ndipo Lachitatu lililonse amaona anyamata obwera kunkhondo. Wílmer naye apite akamuone.

Wílmer anakana kawiri. Anati aphunzitsiwo ndi kazitape, watumidwa. Ulendo wachitatu Dayana anajomba kusukulu, anamusitira malaya, n'kumugwira dzanja.

"Tiyeni achimwene. Mukapanda kukonda, tibwerera limodzi."

Anatsetsereka msewu dzuwa likuswa mtengo, mnyamatayo akucheukacheuka pa mphambano iliyonse. Mayi Nubia ankabwera pambuyo, maso ali pa dzanja linalo la mnyamatayo, limene silinatuluke m'thumba mpaka pa geti la chipatala.